MTSINJE WOSAFIKA KU NYANJA

Ife tonse tidziwa kuti Luangwa ndi Kafue athira m'Zambezi, ndipo Zambezi athira m'nyanja yamcere. Koma kumadzulo kwa dziko lathu kuli mtsinje waukulu umene sufika ku nyanja konse. Dzina lace ndi Okavango. Magwero ace ali m'mapiri a Angola, kumene amaucha Cubango. Utalandira madzi a Cuito, upyola m'dziko la Namibia, nulowa m'Botswana pa Mohembo. Pamenepo, utayenda mtunda wa mailosi pafupifupi 1,000, umwazika m'madambo a gumbwa ndi bango pakati pa mcenga wa Kalahari.

Cozizwitsa cace ndi ici: mvula imene igwa ku Angola m'dzinja imayenda pang'onopang'ono, kotero kuti madzi afika ku Maun m'miyezi ya June ndi July, pamene cipululu cauma. Ndiyo nthawi imene njobvu, njati ndi mbidzi zisonkhana kumeneko. Madzi ambiri amatha ndi dzuwa, ena amwedwa ndi mitengo. Komabe sasanduka amcere, cifukwa mitengo ya pa zisumbu imakoka madziwo, ndipo mcere utsalira pansi pa zisumbuzo.

Anthu a mtundu wa Bayei ndi Hambukushu anakhala m'madambomo kuyambira kale, nayenda ndi mabwato posodza nsomba ndi kusaka mvuu. Pa 1 August 1849 David Livingstone ndi William Oswell anafika pa nyanja ya Ngami, kumwera kwa madambowo, naipeza yodzala madzi. Koma zisanathe zaka makumi asanu, gumbwa anatseka mtsinje wa Thaoge umene unali kuidyetsa, ndipo nyanjayo inaphwa. Apa anthu anaphunzira kuti kutseka njira imodzi ya madzi kukhoza kuumitsa dera lonse. Madzi saiwala khwawa: m'caka ca 2010, cigumula cacikulu citafika, Ngami anadzalanso.

Pamene alenje a mfuti anacuruka, Batawana anaona kuti nyama zirikutha. Motero m'caka ca 1963, potsogoleredwa ndi Mai Elizabeth Pulane Moremi, amene anali kusunga ufumu, anapatula malo osungirako nyama nawacha Moremi, dzina la mfumu yao yomwalirayo. Ganizoli linacokera kwa eni dziko, osati kwa boma la Azungu.

Ciyeso cacikulu cinadza ndi anthu ofuna madzi. Mgodi wa diamondi utatsegulidwa ku Orapa mu 1971, anakumba cigawo ca mtsinje wa Boro kuti madzi azithamanga. Pambuyo pace boma linafuna kukumbanso ndi kumanga madamu. Koma mu 1991 anthu a ku Maun anasonkhana pabwalo lao, limene amalicha kgotla, nakana, poopa kuti madambo odyetsako ng'ombe ndi ophako nsomba adzauma. Boma linaitana akatswiri a bungwe la IUCN kuti aweruze, ndipo mu 1992 nchitoyo inalekedwa. Mu 1994 Angola, Namibia ndi Botswana anapangana kuyang'anira mtsinjewo pamodzi, nakhazika bungwe la OKACOM, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mu 2014 bungwe la UNESCO linalemba madambowo m'kaundula wa cuma ca dziko lonse lapansi, ndipo anakhala malo a nambala 1,000.

Kusunga mtsinje kufuna maso osagona. Pa Mohembo anthu akhala akuyesa kucuruka kwa madzi kuyambira zaka za m'ma 1930, ndipo ku Maun kuli nyumba ya ofufuza ya University of Botswana, amene amatunga madzi m'mabotolo kuti aone ngati muli zoipa. Mu 1986 udzu woyandama wa Salvinia, womwe uja unabvuta pa nyanja ya Kariba, unapezeka ku Moremi. Sanauthire mankhwala oononga madzi, koma anabweretsa kacirombo konga nankafumbwe kamene kamaudya. Mu 2020 njobvu zoposa 300 zinafa pafupi ndi Seronga, ndipo boma linanena kuti zinamwa ululu wa ndere za m'zithaphwi. Nyama yaikuru yotere inagwa ndi kanthu kosaoneka ndi maso.

Tsono inu amene mwatsiriza sukulu, musayese kuti nkhani iyi ndi ya kutali. Mapiri a Angola amene abala Okavango ndiwo abalanso Lungwebungu, mtsinje wothira m'Zambezi wathu. Munthu wodula mitengo ku magwero sadzaiona njobvu yakufa ndi ludzu kunsi, koma ndiye waipha. Cimodzimodzi wolima m'mphepete mwa Luangwa kapena wotaya zonyansa m'Kafue, alanga anzace amene sadzaonana nao. Makolo anati madzi akatayika saoleka. Anthu a ku Maun anakumbukira mauwa nthawi ikadalipo, ndipo ana ao akali kuyenda ndi mabwato m'madambo a Boro.