Chigubu cha Madzi Otha Ntchito

Ichi ndi chigubu chimene alendo ogona m'galimoto kapena m'matenti amasungiramo madzi otsukira mbale ndi osamba mpaka atapeza malo oyenera kuwatayako. Chimafunika kwambiri ku Liwonde National Park, malo osungirako nyama omwe anakhazikitsidwa mu 1973 ndipo akuyang'aniridwa ndi African Parks kuyambira 2015.

Posankha, yambani mwaganizira kukula kwake. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 20 ndicho munthu mmodzi anganyamule. Chachikulu kuposa apo chimafuna mateyala. Chikhale cha pulasitiki yolimba yosang'aluka padzuwa, cha kukamwa kwakukulu kuti chitsukike bwino, ndiponso chachivindikiro chothina, poti fungo la zakudya limakopa anyani ndi ntchentche. Chilembedwe chizindikiro kuti chisasokonezeke ndi cha madzi akumwa, ndipo zakuchimbudzi zikhale ndi chotengera chakechake.

Madziwa asatayidwe mumtsinje wa Shire, umene anthu a ku Machinga ndi Balaka amatungamo ndi kuphamo nsomba. Madzi oipa amafalitsa matenda, ndipo mliri wa kolera wa 2022 unayambira m'boma la Machinga. Funsani oyang'anira malo ogonawo kuti akuonetseni potayira.