Mbiri ya Munthu Wamba m'Mabuku

1. Maina Amene Anasowa

Dziko la pakati pa nyanja ya Chilwa, phiri la Chikala ndi mtsinje wa Shire, kufikira ku zigwa za ku Balaka, lakhala ndi anthu kuyambira kale lomwe. M'dzikomo anthu akhala akulima mapira ndi chimanga, kuwedza matemba, kuumba mbiya, kukwatitsa ana ndi kulira maliro. Koma munthu akatsegula mabuku oyamba onena za dzikoli, sapezamo maina a anthu otere. Apezamo maina a mafumu, a Azungu oyendera maiko, ndi a akuluakulu a nkhondo.

Dr. David Livingstone anafika pa nyanja ya Chilwa m'chaka cha 1859, ndipo chaka chomwecho anatsata Shire mpaka anaona nyanja ya Malawi. Buku la maulendo ake linatuluka mu 1865. M'menemo analemba za akapolo amene anakomana nao pa njira, amuna ali m'magoli, akazi ndi ana atamangidwa ndi zingwe. Mau akewo anagwira mtima anthu ambiri a ku Britain. Komabe akapolo aja sanafotokoze okha mbiri yao m'bukumo. Wowerenga auzidwa kuchuluka kwao, koma sauzidwa kuti mai uyu anachokera mudzi uti, kapena kuti mwana uyo anali wa yani.

Chimodzimodzinso nkhondo ya mu 1895, pamene asilikali a Boma la Angerezi anagonjetsa Mfumu Kawinga pa phiri la Chikala. Makalata a Boma anasunga maina a otsogolera asilikali ndi dzina la mfumuyo. Za anthu amene anathawa nasiya nkhokwe zao, ndi za mmene anapezera chakudya chaka chotsatira, makalatawo sasamala.

Tsono funso ndi ili: kodi munthu wamba, wopanda mpando ndi wopanda chuma, analowa liti m'mabuku, ndipo anamlowetsa ndani?

2. Za ku America

Funso lomweli linabuka kale ku America, ndipo yankho la kumeneko lithandiza kumvetsa za kuno. M'dzikomo munali akapolo akuda pafupifupi mamiliyoni 4 m'chaka cha 1860. M'zigawo zambiri za kumwera munali lamulo loletsa kuphunzitsa kapolo kuwerenga, pakuti eni akapolo anadziwa kuti munthu wodziwa kulemba angathe kunena yekha zimene zimchitikira.

Frederick Douglass anabadwa kapolo m'chigawo cha Maryland cha m'ma 1818. Ali mwana anamtumiza ku mzinda wa Baltimore, ndipo mkazi wa mbuye wake anayamba kumphunzitsa zilembo. Mbuyeyo atamva analetsa zolimba. Mnyamatayo sanaleke ai: ankapatsa buledi ana achizungu osauka a mu msewu, iwo namuuza mau amene sanawadziwe. Mu 1838 anathawa ukapolo, ndipo mu 1845 anatulutsa buku la moyo wake. Analemba za mai wake amene anawaona kangapo kokha, usiku, chifukwa anali kugwira ntchito pa munda wina wakutali. Analembanso za njala, za chisanu ndi za zikoti. Anthu amene kale anamva za ukapolo monga nkhani ya kutali, tsopano anamva mau a munthu amene anaulawa yekha.

Mu 1852 mai wina wachizungu, Harriet Beecher Stowe, anatulutsa nthano yotchedwa Uncle Tom's Cabin, yonena za mabanja a akapolo amene anagulitsidwa, mwamuna kwina, mkazi ndi ana kwina. Mabuku 300,000 anagulidwa m'dzikomo chaka choyamba chokha. Ukapolo unatha ku America mu 1865, itatha nkhondo yaikulu ya pachiweniweni. Mabuku okha sanauthetse, koma anachititsa kuti anthu ambiri asathenso kunena kuti sadziwa.

Patapita zaka zoposa 70, nkhalamba zimene zinabadwa mu ukapolo zinali kutha. Pakati pa 1936 ndi 1938 Boma la America linatuma alembi kuyendera makomo ao, ndipo analemba mau a nkhalamba zoposa 2,300. Mauwo asungidwa kufikira lero mu mzinda wa Washington. Mu 1939 John Steinbeck anatulutsa The Grapes of Wrath, buku lonena za banja la alimi achizungu a ku Oklahoma amene chilala ndi ngongole zinawachotsa pa munda wao, nayenda ulendo wautali kukafuna ganyu ku California. Mlimi wa ku Balaka amene anaonapo chimanga chake chikufota ndi dzuwa, nachoka kukagwira ganyu kwina, angamve nkhani imeneyo popanda womfotokozera.

3. Olemba Oyamba a Kuno

Kunonso zinayamba kusintha pamene anthu akuda anagwira cholembera. Limodzi la mabuku oyamba otere ndi Chiikala cha Wayao, la Yohanna Barnaba Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican amene anagwira ntchito ku Unangu, m'dziko la Mozambique. Linasindikizidwa ku Zomba mu 1919, ndipo Dr. Meredith Sanderson analitembenuza m'Chingerezi. Abdallah analemba za phiri la Yao kumene mtunduwo unachokera, ndi za magulu ake, pakati pao Amachinga, amene dzina lao likhala pa boma la Machinga lero. Mbali yaikulu ya bukulo inena za mafumu monga Mataka. Koma linenanso za Achisi, osula zitsulo, amene ankayenda ndi makasu kukasinthanitsa ndi zinthu zina, ndi za maulendo a malonda opita ku Kilwa, ku nyanja ya mchere. Apa anthu a ntchito za manja anayamba kuoneka, ngakhale anali asanatchulidwe mmodzimmodzi.

Amene anaika munthu wamba pakati penipeni pa buku ndi Samuel Yosia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Buku lake la Nthondo linapambana pa mpikisano wa olemba m'zinenero za mu Africa, ndipo linatuluka mu 1933. T. Cullen Young analitembenuza m'Chingerezi mu 1934, nalitcha Man of Africa. Nthondo si ngwazi ya nkhondo. Ndi mwana wa m'mudzi amene akula wosamvera, aba, achoka kwao kukafuna ntchito kutali, kenaka abwerera, alowa ufumu wa mudzi, ndipo asintha mtima. Wowerenga aliyense angaonemo mbale wake, mnansi wake, kapena iye mwini.

Mu 1946 munatulukanso buku la Our African Way of Life, la nkhani zitatu zolembedwa ndi John Kambalame, E. P. Chidzalo ndi J. W. M. Chadangalara, zonena za miyambo ya banja ndi ya pa mudzi. Analitembenuza m'Chingerezi ndi Cullen Young yemweyo pamodzi ndi Dr. Hastings Banda, amene pa nthawiyo anali dotolo ku Britain.

4. Mudzi wa Chiyao

Buku limene linalowa kwenikweni m'midzi ya ku Machinga ndi The Yao Village, la J. Clyde Mitchell, lotuluka mu 1956. Mitchell anabadwira ku South Africa, ndipo anatumidwa ndi bungwe lofufuza za chikhalidwe cha anthu, la Rhodes-Livingstone Institute, m'dziko limene lero litchedwa Zambia. Pakati pa 1946 ndi 1949 anakhala miyezi yambiri m'maiko a mafumu achiyao monga Kawinga, Liwonde ndi Malemia. Anawerenga nyumba za m'midzi, nafunsa kuti mwini nyumba iyi ndi mbale wa yani, anakwatira kangati, ndipo anafika liti pa malo ano.

Iye anapeza kuti msana wa mudzi unali mbumba, ndiko kuti akazi apachibale pamodzi ndi ana ao. Woyang'anira mbumba anali mlongo wao wamkulu, amene Ayao amutcha asyene mbumba. Mwana akadwala, mlandu ukagwa, kapena ukwati ukavuta, woyamba kuuzidwa anali iyeyo. Mwamuna wokwatira ankasiya kwao nakamanga nyumba kwa mkazi monga mkamwini. Motero mwamuna mmodzi ankakokedwa mbali ziwiri: ku mudzi wa mkazi wake anali mlendo wolima munda wa eni, pamene kwao alongo ake anali kumdikira kuti akonze nkhani zao. Mitchell anaona kuti maukwati ankatha kawirikawiri, koma chibale cha mwamuna ndi alongo ake sichinkatha.

Anaonanso mmene midzi inkagawikira. Mudzi ukakula, mng'ono wa mwini mudzi kapena mphwake ankafuna kukhala ndi mbumba yakeyake. Chidani chinkabisika kufikira tsiku limene matenda kapena imfa inalowa pa mudzi. Pamenepo anthu ankapita kukaombeza, wina natchulidwa kuti ndi mfiti, ndipo gulu limodzi linkanyamula katundu kukayamba mudzi watsopano. Mwini mudzi wa anthu ambiri ankalemekezedwa, ndipo mfumu inkatha kumpatsa ufulu wochititsa zinamwali kapena womanga nsalu yofiira kumutu. Chifukwa chake kuchoka kwa banja limodzi kunali bala lalikulu kwa iye.

Bukuli linaonetsa kuti mikangano ya pa khomo, ya malume ndi mphwake, ya mkamwini ndi apongozi ake, ndi mbiri yeniyeni yoyenera kulembedwa. Koma linali ndi chilema chimodzi. Linalembedwa m'Chingerezi chovuta, linasindikizidwa ku Manchester, ndipo owerenga ake anali a m'masukulu apamwamba. Ambiri a anthu amene nkhani zao zili m'menemo sanathe kuliwerenga.

5. Nyimbo za pa Mtondo

M'chaka cha 1949 munagwa njala yaikulu m'chigawo cha kumwera. Makalata a Boma a chaka chimenecho anena za matumba a chimanga ndi malo ogawira chakudya. Patapita zaka zoposa 30, Megan Vaughan, amene anaphunzitsa pa Yunivesite ya Malawi, anafunsa amai a m'midzi ya m'boma la Blantyre amene anaiona njalayo. Buku lake, The Story of an African Famine, linatuluka mu 1987. Amaiwo anakumbukira nyimbo zimene ankaimba posinja, ndipo m'nyimbomo munali zimene makalata sanalembe: amuna ena anapita kukafuna chakudya nabwera nacho, koma ena anapita osabwereranso, nasiya akazi ndi ana pa njala. Mbiri ya chaka chija inali itasungidwa pa mtondo, kudikira wofunsa.

6. Zimene Zidikira Wolemba

Ku Machinga ndi ku Balaka kwachitika zambiri zimene eni ake akali kuzikumbukira. Njanji ya ku Salima inadutsa pa Balaka mu 1935, ndipo ina yochokera pa Nkaya kudzera pa Liwonde kufikira ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970. Amuna ambiri anapita ku migodi ya ku Johannesburg ndi Wenela, kufikira 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalawi oposa 70, ndipo Boma linaimitsa maulendowo. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1968 ndi mu 1995. M'zaka za m'ma 1980 anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique analandiridwa m'midzi ya m'malire. Zaka zimenezi zidziwika, ndipo zili m'mabuku a sukulu. Chimene chichepa ndi mau a mkazi amene anadikira kalata ya ku migodi, ndi a msodzi amene anayenda pansi pa malo amene kale ankapalasa bwato.

Ntchito imeneyi sifuna sukulu yapamwamba. Munthu amene waphunzira kulemba ali wamkulu ali ndi mwai woposa mlendo, pakuti adziwa chinenero, adziwa chibale cha pa mudzi, ndipo nkhalamba imasuka naye. Afunika kope ndi pensulo basi. Ayambe wapempha chilolezo kwa mwini nkhani. Alembe dzina la mudzi, dzina la mfumu, ndi tsiku limene afunsa. Ngati nkhalamba sidziwa chaka, aifunse ngati zinachitika njala ya 1949 isanagwe kapena itapita, njanji isanafike kapena itafika. Alembe mau monga momwe atulukira, m'Chiyao kapena m'Chichewa, osawakometsera. Pomaliza awerengere mwini nkhaniyo kuti akonze polakwika, ndipo kopelo alisunge pouma, kutali ndi chiswe.

Akale anati mau a akulu akoma akagonera. Koma mau agonera pokhapokha pali posungira. Alembi a ku America anafika pa makomo a akapolo akale nkhalamba zambiri zili ndi zaka zoposa 80. Akadachedwa pang'ono, akadapeza manda okha. Kunonso amene anaona njala ya 1949 ndi maso ao atsala ochepa, ndipo a ku Wenela ali kukalamba. Douglass anagula zilembo ndi buledi kuti anene yekha mbiri yake. Amene waphunzira zilembo lero pa Ntaja, pa Ulongwe kapena pa Phalula angathe kulemba ya agogo ake, iwo akali ndi moyo.