Mudzi wa Mafilimu: Kuchokera kwa Frankenstein Kufika ku Wakanda

Ambiri a ife timaganiza kuti luso lolumikiza mafilimu osiyanasiyana kuti akhale ngati mudzi umodzi linayamba ndi Marvel. Mbiri ikutsutsa. Mu 1943, kampani ya Universal ya ku America inatulutsa Frankenstein Meets the Wolf Man, filimu yokumanitsa zilombo ziwiri zimene zinali zitatchuka kale pazokha, china mu 1931, china mu 1941. Poona kuti malonda ayenda, kampaniyo inaunjika zilombo zina m'mafilimu otsatira. Pofika 1948, zilombo zimene zinkasowetsa anthu tulo zinali zitasanduka zoseweretsa za anthabwala awiri, Abbott ndi Costello.

Marvel inayamba mosamala. Mu 2008 inatulutsa Iron Man, nkhani yoima payokha, ndipo mayina a opanga atatha kuoneka, panatulukira Nick Fury n'kunena pang'ono chabe za gulu limene linali kudza. Thor ndi Captain America anayamba apatsidwa mafilimu awoawo, kenako mu 2012 onse anakumana mu The Avengers. Mu 2019, Avengers: Endgame, filimu ya nambala 22 pamndandandawo, inapeza ndalama pafupifupi madola 2.8 biliyoni.

Mphamvu ya mudzi wotere ndi chibale. Mlendo akafika ndi mwinimudzi salowa ngati wachilendo. T'Challa anaonekera koyamba mu Captain America: Civil War mu 2016, choncho pamene Black Panther inatuluka mu 2018, anthu anali akumudikira kale. M'bwalo la akuluakulu a ku Wakanda munakhalanso malemu Connie Chiume wa ku South Africa, amene bambo ake anali Mmalawi.

Koma chibale chomwecho chimabweretsa ngongole. Kuyambira 2021, Marvel inawonjeza nkhani za pa Disney+, ndipo wofuna kumvetsa bwino The Marvels ya 2023 ankayenera kudziwa za WandaVision ndi Ms. Marvel. Filimuyo inapeza ndalama zochepa kuposa ina iliyonse ya m'mudziwo kufikira nthawiyo. Nayo Universal inabwerera mu 2017 ndi The Mummy ya Tom Cruise, italengeza kale za Dark Universe ndi akatswiri a mafilimu amene anali asanajambulidwe. Mudziwo unathera pa nyumba yoyambayo. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Agogo athu, kaya a ku Chipata, ku Dedza kapena ku Angónia, ankaidziwa njira yake. Kalulu amapezeka m'nthano zambirimbiri, lero ndi Fisi, mawa ndi Njovu, koma palibe mwana amene anauzidwapo kuti sangamve nthano ya lero chifukwa dzulo anagona msanga. Nthano iliyonse inkayamba ndi kutha usiku womwewo. Mafilimu olumikizana amakoma akamatero. Akasanduka kalata yoitanira anthu ku filimu yotsatira, woonera amatuluka m'holo ali ndi njala, ngakhale walipira mtengo wonse.