Sophiatown: Dera Limene Linafafanizidwa

Achinyamata anzathu, sabata ino tiyeni titembenukire ku Johannesburg, kumene agogo athu ambiri ankapita kukagwira ntchito m'migodi.

M'mamawa wa pa 9 February 1955, apolisi pafupifupi 2,000 analowa mu Sophiatown. Lamulo la Natives Resettlement Act la 1954 linali litapatsa boma la tsankho mphamvu yosamutsa anthu akuda, ngakhale amene anali ndi zikalata za umwini wa malo awo. Mabanja anakwezedwa m'malole kupita ku Meadowlands, nyumba zawo n'kugwetsedwa. Pamabwinjapo boma linamangira azungu nyumba zatsopano, n'kutcha deralo Triomf, kutanthauza chipambano. Chipongwe chake!

Akuluakulu aboma ankati akuchotsa zisakasa. Zoonadi, anthu ankakhala mothithikana. Koma ife tikuona kuti wofuna kuthetsa kuthithikana sapirikitsa eni malo n'kulowetsapo ena.

Mwa nyumba zochepa zimene zinapulumuka muli tchalitchi cha Anglican cha Christ the King, kumene Bambo Trevor Huddleston ankatumikira, ndi nyumba ya Dr. A.B. Xuma, amene anakhalapo pulezidenti wa ANC. Dzina la Sophiatown linabwezeretsedwa mu 2006, ambiri mwa osamutsidwa aja atakalambira kapena kumwalirira ku Soweto.