Mbawa ya m'mbali mwa mitsinje ndi miyeso ya kutha kwa mitengo

Mbawa, imene akatswiri amaitcha Khaya anthotheca ndipo mabuku ena amailemba Khaya nyasica, inaikidwa mu 1998 pa Red List ya bungwe la IUCN m'gulu la Vulnerable. Gululi ndi loyamba mwa magulu atatu a zamoyo zimene zili pachiopsezo. Pamwamba pake pali Endangered, kenako Critically Endangered. Ambiri akamva izi amatsutsa, poti mbawa amaiona tsiku ndi tsiku m'misewu ya ku Zomba ndi pamabwalo a sukulu. Kutsutsaku kumachokera poganiza kuti mndandandawu umawerenga mitengo yosowa. Chimene umayeza kwenikweni ndi chiopsezo choti mtundu ungathe kuthengo, kuphatikizapo liwiro limene ukutha nalo, ndipo mtengo wa m'mbali mwa mtsinje ungathe kutha mofulumira anthu akuuonabe.

Muyeso woyamba ndi wa mitengo yokhwima, kutanthauza yokhayo imene ikutha kubereka m'malo ake achilengedwe. Mbawa yodzalidwa mumsewu kuti ipereke mthunzi siilowa m'chiwerengerochi, ndipo m'pake, chifukwa mbewu zake zimagwera pa phula. Wachiwiri ndi m'badwo, umene umatengedwa pa zaka za mitengo imene ikubereka panopa. Malamulo a IUCN a mu 2001 amati mtundu ukachepa ndi 30 pa 100 alionse m'zaka 10 kapena m'mibadwo itatu, potengera nthawi yotalikirapo, ungalowe m'gulu la Vulnerable. Ukachepa ndi 50 pa 100 ndi Endangered, ukachepa ndi 80 pa 100 ndi Critically Endangered. Kwa mtengo wokhalitsa ngati mbawa, mibadwo itatu imaposa moyo wa munthu. N'chifukwa chake maso a m'mudzi sakwanira: aliyense amayerekeza mtsinje wa lero ndi wa ubwana wake, umene mitengo yake inali itadulidwa kale ndi ocheka matabwa ndi osema mabwato.

Pamene mbawa imavutitsa kwambiri ndi pa nkhani ya malo. Akatswiri amasiyanitsa dera lonse limene mtundu umapezekamo, lojambulidwa pozungulira malo akutali kwambiri, ndi malo enieni amene wakhalapo, owerengedwa m'timabokosi ta makilomita 2 mbali zonse. Dera la mbawa ndi lalikulu ndithu, kuchokera kumadzulo kwa Africa mpaka ku nkhalango ya Chirinda ku Zimbabwe. Koma kuno kwathu, kunja kwa nkhalango zowirira, imatsata madzi, m'kamzere kopyapyala komwenso alimi amafuna pa dimba la tomato ndi mpiru. Kabokosi kamodzi kamaoneka kodzaza ngakhale mutatsala mtengo umodzi wokalamba, pansi pake khasu, moto ndi mbuzi zitamaliza mbande zonse. Mbewu za mbawa sizikhalitsa m'nthaka, choncho palibe nkhokwe yobisika yodzaukitsa nkhalangoyo. Mapu amanena kuti mtundu ulipo, koma ana ake kulibe.

Ena amati muyeso wa 1998 ndi wakale, unachitika pa malamulo amene anasinthidwa pambuyo pake, ndipo dzina limodzi silingafotokoze mayiko ambiri chotere. Apa akunena zoona, ndipo sitiyenera kuwatsutsa. Koma chimene mfundoyi ikufuna ndi kuyeza mwatsopano, dziko lililonse palokha, mtsinje ndi mtsinje, powerenga mbande osati makolo okha. IUCN ili ndi malangizo a kayezedwe kotere ka m'dziko limodzi. Nawonso mayiko a m'pangano la CITES sanadikire: mu 2022, ku Panama, anaika mitundu ya Khaya ya mu Africa pa Appendix II, kotero matabwa ake satuluka m'dziko popanda chilolezo chosonyeza kuti malondawo sakuononga mtunduwo. Chilolezocho chimaimitsa lole pachipata cha dziko, koma sichifika kudimba kumene mbande ikulimidwa pamodzi ndi udzu, ndipo kumeneko ndi kumene oyeza ayenera kuyambira kuwerenga.