Mboni ya Manja Akuda

Sekondale ya boma ya Dedza, imene ambiri amangoitcha Box 48, idatsegulidwa mu 1951 patsinde pa phiri, kumene chisanu cha June chimalowa mpaka m'mafupa. Mbiri yake imatchula anthu otchuka amene adaphunzirapo, monga Bingu wa Mutharika. Koma pali mphunzitsi wina amene boma silidamulembepo ntchito, ndipo dzina lake simungalipeze m'kaundula: James Hadley Chase.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mabuku a mkuluyu ankayenda dzanja ndi dzanja m'sukulu zogonera konko, ku Dedza ngati kwina konse, ambiri atachoka chikuto. Kwina kudali kutha chabe, kwina dala. Pachikutopo pankakhala mkazi wovala moperewera atagwira mfuti, chonsecho lamulo la 1973 linkaletsa amayi ngakhale thalauza, ndipo a Censorship Board, bungwe la 1968 lija, sankaseka ndi munthu. Mwini wake, dzina lenileni René Raymond, adali Mngelezi wobadwira ku London mu 1906, ndipo America amene ankamulembayo ankamudziwira kwambiri pamapu ndi m'mabuku. Ife, amene ngakhale Salisbury tidali tisadamuone, zimenezo sizinkatikhudza.

Chimene chinkavuta ndi wofotokoza nkhani. Taonani buku la 1960, Come Easy, Go Easy. Akulankhula ndi Chet Carson, katswiri wokonza masefa a ndalama. Aba, agwidwa, athawa kundende ya Farnworth. Munthu wachifundo, Carl Jenson, amulandira pamalo ake omwetsera mafuta kuchipululu, amudyetsa, amukhulupirira. Jenson ataphedwa, Carson ndiye akwirira mtembo mwachinsinsi, kenaka n'kuyamba chibwenzi ndi Lola, mkazi wa malemuyo. Zonsezi amaulula yekha, koma chilichonse amachipezera chifukwa. Iwe owerenga umanyansidwa naye, komabe galimoto yachilendo ikaima pakhomo mtima umagunda kuti asagwidwe. Nanga udana naye bwanji, poti wopanda iye nkhaniyo sungaimve? Kwa ana oleredwa ndi Nthondo wa Samuel Ntara, wakuba amene pomaliza amalapa, ichi chidali chachilendo, ndipo ine mpaka lero sindidaganize bwino ngati Carson ndimamumvera chisoni kapena ayi.

Ndikuganiza kuti mabukuwa ankakoma chifukwa m'dziko lathu nthawi imeneyo munthu wolakwa sankati "ndine". Zoipa zinkangochitika zokha, ngati mphenzi. Anthu a ku Dedza adaziona zimenezi mu May 1983, pamene mwana wawo Twaibu Sangala, nduna ya zaumoyo, adafera ku Thambani m'boma la Mwanza pamodzi ndi Dick Matenje, Aaron Gadama ndi David Chiwanga. Boma lidati ngozi ya galimoto, ati ankathawa m'dziko. Aliyense adameza malovu.

Padatha zaka 11. Mu 1994 Bakili Muluzi adakhazikitsa bungwe lofufuza imfazi, lotsogozedwa ndi woweruza Mtegha, ndipo lipoti lake lidatuluka mu January 1995. Apa ndiye Carson uja adatulukira pakati pathu, tsopano akulankhula Chichewa. Amene adafotokoza za usiku umenewo, za hamala ndi za galimoto yokankhidwira kuphedi kuti izioneka ngati ngozi, adali apolisi omwe adaliko. Aliyense adali ndi chifukwa chake: ndidatumidwa, ndikadakana ndikadafa ndine. Mwinadi n'zoona. Koma tangoganizani wachibale wa Sangala akuwerenga zimenezi m'nyuzipepala. Munthu amene akumuuza choona chimene adachidikira zaka zonsezi ndi yemweyo amene adaima pamsewu uja. Amuthokoze kapena amulavulire?

Kubuku umangotseka n'kubweza kwa mwini wake. Kukhoti sizidatero. Mboni ya manja akuda ndi yosavuta kuikayikira, ndipo panalibe pepala losonyeza kumene lamulo lidachokera. Mu December 1995 Dr Kamuzu Banda, John Tembo, yemwenso kwawo n'ku Dedza konko, ndi anzawo adapezeka osalakwa. Mac Kamwana, amene adali mkulu wa apolisi mu 1983 ndipo akadatha kunena yemwe adamutuma, adali atamwalira kale mlanduwu usadayambe.