Malume akakuuzani za kota, amakamba za kale

Anzanga a m'kalabu, Loweruka lapitali titamaliza mpira, mnzathu wina amene akukonzekera kutumiza fomu ya ku yunivesite anatiuza zimene malume ake anamulangiza: "Usadandaule ndi mapointi akowo, ife a ku Ntcheu tili ndi malo athu." Tinaseka, koma nkhaniyi inandikhala pamtima. Malumewo sananame ayi. Amakamba za dongosolo lomwe linalipodi, kungoti linatha. Ndiye mwezi uno tiyeni tione kumene tachokera, kuti podzaza fomu muzidziwa kuti mpira mukusewerawu uli ndi malamulo ati.

Dziko lino lisanalandire ufulu mu 1964 kunalibe yunivesite. Mwana wanzeru wa ku Nyasaland ankayenera kutuluka. Orton Chirwa ndi Masauko Chipembere anakaphunzira ku Fort Hare ku South Africa, Kanyama Chiume ndi David Rubadiri ku Makerere ku Uganda. Koma nkhani imene imandichititsa manyazi ndikamadandaula za mtengo wa bando ndi ya Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto. Mu 1958 iye ananyamuka wapansi kukafuna sukulu ku America. Atafika ku Kampala anapeza dzina la Skagit Valley College m'buku la m'laibulale, n'kulemba kalata yopempha malo. Anamulandira, anapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum, ndipo kenako anakafikadi ku America. Fomu yake inali kalata yolemba pamanja, ndipo ulendo wake unatenga pafupifupi zaka ziwiri.

University of Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo maphunziro anayamba mu Seputembala 1965 ku Chichiri mu Blantyre ndi ophunzira 90 okha. Tangoganizani, dziko lonse, anthu 90! M'makalasi ena a pulayimale kuno kwathu ana amaposa pamenepo. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo pang'onopang'ono makoleji a Bunda, Polytechnic, Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine anapanga banja limodzi. Kwa zaka zoposa 30, mukanena kuti "yunivesite" m'Malawi muno mumatanthauza imeneyi basi, mpaka pamene Mzuzu University inatsegulidwa mu 1999.

Malo akachepa, funso limakhala lakuti agawidwe bwanji. Apa ndi pamene pakubwera kota ija. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, boma la Kamuzu Banda linayamba kusankha ophunzira potengera boma lomwe munthu amachokera. Chifukwa chomwe chinkanenedwa n'chakuti maboma ena, makamaka a kumpoto komwe mishoni ya Livingstonia inayambitsa sukulu kalekale, ankatumiza ana ambiri kuposa ena. Ophunzira ena anakasuma, ndipo mu 1993 khoti lalikulu linagamula kuti njirayi inali ya tsankho. Inatha. Koma mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika inabwereranso, boma lililonse likumapatsidwa malo 10 otsimikizika, otsalawo n'kumagawidwa mwa njira ina. Sinodi ya Livingstonia inalimbana nayo kwambiri, ndipo nkhaniyi inkatentha pa wayilesi ndi m'misonkhano yandale. Mu 2020 boma linalengeza kuti kota yathetsedwa.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo mukhoza kunditsutsa pa msonkhano wotsatira. Kota inkathandiza ana angapo pa boma, koma sinkakhudza muzu wa vuto. Malo 10 a Ntcheu yense, kuyambira ku Lizulu mpaka ku Senzani, kuchokera ku Tsangano kutsikira ku Kasinje, ndi chiyani? Ndipo ndani ankawatenga? Kuti ukhale m'gulu la khumi apamwamba pa boma, unkayenera kupikisana ndi mwana wa ku Ntcheu yemwe makolo ake amakhala ku Lilongwe ndipo anaphunzira sukulu yogonera komweko yokhala ndi labu ndi mabuku. Iwe wa ku CDSS, woyenda wapansi m'mawa uliwonse komanso wokolola mbatata ya kachewere Loweruka, kota sinkakudziwa. Inkadziwa dzina la boma lako, osati sukulu yako. Kwinaku mwana wa ku Rumphi wokhoza bwino ankatsala chifukwa cha kumene agogo ake anabadwira. Onse awiri ankalira.

Chimene chinasintha zinthu kwenikweni ndi kuchuluka kwa anthu ofuna malo. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linabweretsa pulayimale yaulere, ndipo ana olembetsa anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zaka zingapo zitadutsa, masukulu a MCDE anasandulika ma CDSS omwe ambirife tadutsamo. Khamu lonseli linadzafika pa khomo la yunivesite. Makomo anawonjezeka ndithu: Bunda inakhala LUANAR, MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu kukhala UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS. Lero mayunivesite a boma alipo 6. Koma okhoza MSCE akuchulukabe kuposa mipando.

Kalembedwe ka fomu nakonso kanasintha. Akulu athu ankati akakhoza MSCE, ankayenera kukalembanso mayeso ena olowera ku University of Malawi. Mayeso amenewo anathetsedwa. Pano bungwe la NCHE, lomwe lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2011, ndi lomwe limayendetsa ntchito yosankha, ndipo fomu imodzi imakwanira mayunivesite onse a boma. Zikuoneka zophweka, eti? Koma tanthauzo lake n'lakuti mulibenso mpata wachiwiri wodzionetsa. Chokuyankhulirani ndi satifiketi yanu ndi zimene mwalemba pa fomuyo.

Ndiye mvetsetsani. Pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, koma kukwanitsa zimenezo n'kungololedwa kulowa pampikisano. Pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake omwe imayang'ana. Mukhoza kukhala ndi mapointi okongola, koma ngati masamu ndi fizikisi zinakugwetsani, kulemba uinjiniya pamwamba n'kutaya mpata. Werengani zofunika pa pulogalamu iliyonse musanasankhe, ndipo musadzaze mizere yonse ndi udokotala, zamalamulo ndi zina zomwe aliyense akuthamangira. Ikanipo ina yomwe magiredi anu akuifikira bwinobwino, ndipo yomwe mungaiphunzire osanyinyirika zaka zinayi. Ngongole ya fizi imafunsidwa padera ku bungwe lake, HESLGB, choncho musaganize kuti kusankhidwa ndiye kuti zonse zatheka.

Mnzathu uja tamuuza kuti Lachitatu abwere ndi zotsatira zake ndi chikalata cha mapulogalamu, tikhale pansi tifananize mzere ndi mzere. Wina aliyense amene akudzaza chaka chino abwerenso, ndipo amene ali ndi foni yosunga moto asaiiwale. Malume aja nawonso tawaitana.